Digiri Yachiwiri ya Zachuma: Amakaphunzirako Chiyani?

M'mwezi wa Meyi, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mtengo wake umagwa. Mavenda amafika m'midzi ndi masikelo awo n'kukhala pafupi ndi chigayo, ndipo mlimi amene akusowa fizi ya mwana kapena ndalama yobwezera ngongole amagulitsa pamtengo uliwonse umene wauzidwa. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, mlimi yemweyo ali pamzere, kathumba m'manja, kugula chimanga pamtengo woboola m'thumba, mwinanso kwa venda yemwe uja. Zimenezi sizilira yunivesite. Agogo amene sanapondepo m'kalasi angakufotokozereni bwinobwino kuti chinthu chikachuluka chimatsika mtengo, chikasowa chimakwera.

Tsono ngati agogo akudziwa kale, mwana amene watha zaka zinayi akuphunzira zachuma ku yunivesite, n'kubwera kudzanena kuti akufuna kuwonjezera zina ziwiri, akukasaka chiyani? Makolo ambiri amafunsa funsoli, ndipo si lachibwana.

Kuti muone yankho, afunseni agogowo mafunso ena. Boma likaletsa kugulitsa chimanga kunja, mtengo pamsika wa Lunzu utsika ndi makwacha angati, ndipo kwa miyezi ingati? Chaka chotsatira, alimi a ku Mchinji adzachepetsa minda ya chimanga ndi maekala angati poona kuti sichikuwapindulira? Mlimi akapatsidwa ngongole nthawi yokolola kuti asagulitse msanga, apinduladi? Nanga alimi onse a m'deralo akasunga chimanga chawo, mtengo wa mu Febuluwale sutsika, phindu lija n'kuchepa? Apa aliyense amakhala ndi maganizo ake, ndipo pabwalo amapambana ndi wamawu okwera. Digiri yachiwiri ya zachuma ndi sukulu yophunzitsa kuyankha mafunso awiri amene mawu okwera sangayankhe: "Ndi zochuluka bwanji?" ndi "Mwadziwa bwanji?"

Ili pati pa makwerero a maphunziro

Wopambana bwino mayeso a Fomu 4 akasankhidwa kupita ku yunivesite, amakaphunzira digiri yoyamba, imene kuno kwathu imatenga zaka zinayi. Pamwamba pake pali yachiwiri, imene anthu amangoti masitazi. Pamwamba penipeni pali yachitatu, ya PhD, imene mwini wake amatchedwa dokotala ngakhale sabaya jakisoni. Masitazi ya zachuma imatenga zaka ziwiri ku Malawi ndi m'mayiko ambiri, koma ku Britain mayunivesite ochuluka amaipanikiza m'chaka chimodzi.

Ambiri amaisokoneza ndi maphunziro ena awiri. Oyamba ndi a akauntanti, amene amasunga mabuku a ndalama za kampani ndi kuonetsetsa kuti zolowa ndi zotuluka zikugwirizana. Achiwiri ndi MBA, digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, yophunzitsa kutsogolera antchito, kutsatsa malonda ndi kukuza kampani. Amene cholinga chake ndi kulemera kapena kukhala bwana wa kampani, njira yake ndi imeneyo. Wazachuma amayang'ana kuchokera patali: osati m'mene kampani imodzi ya shuga ingapindulire, koma chifukwa chake shuga akusowa m'masitolo, amene akupindula ndi kusowako, ndi chimene chingachitike lamulo lina likasinthidwa.

Kulikonse kumene mungapite, ku Zomba, ku Nairobi kapena ku London, chaka choyamba chimazungulira pa maphunziro atatu.

Munthu mmodzi, msika umodzi

Phunziro loyamba amalitcha microeconomics. Limasanthula zosankha za banja limodzi, mlimi mmodzi, kampani imodzi, ndi chimene chimachitika onsewa akakumana pamsika.

Pa digiri yoyamba wophunzira amajambula mizere iwiri yopingasana, wina woimira ogula wina ogulitsa, n'kuloza pamene yakumana kuti mtengo ndi umenewo. Pa masitazi amafunsidwa nthawi imene mizereyo imanama. Taonani katapila. Wobwereketsa amafuna kuti K10,000 ibwere ili K15,000 pakutha pa mwezi. Mizere ija ikuti phindu lotere liyenera kukopa obwereketsa ena ambiri mpaka chiwongoladzanja chitsike. Bwanji sichitsika? Chifukwa china n'chakuti wobwereketsa sadziwa amene adzabweze ndi amene adzathawe, pamene wobwerekayo akudzidziwa yekha. Akakweza chiwongoladzanja kuti adziteteze, anthu okhulupirika amaleka kubwereka, n'kutsala okhawo amene sankafuna kubweza n'komwe. George Akerlof wa ku America analongosola vuto lofanana ndi limeneli mu 1970 pogwiritsa ntchito msika wa galimoto zogwirapo kale ntchito, kumene wogulitsa amadziwa matenda a galimotoyo koma wogula sadziwa, ndipo ntchitoyi inam'pezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Mukamvetsa zimenezi, banki m'khonde mumaiona ndi diso lina. Amayi a m'mudzi umodzi amadziwana, amadziwa amene amalima ndi amene amangomwa, ndipo kudziwanako kumagwira ntchito imene banki ya m'tauni imafunira chikole.

M'phunziro lomweli muli nkhani ya matenanti a m'maesiteti a fodya, ya makampani ochepa amene angagwirizane mtengo mobisa, ndi ya nsomba za m'nyanja zimene msodzi aliyense amathamangira kugwira lero poopa kuti mnzake azigwira mawa, mpaka chambo n'kuchepa.

Dziko lonse pamodzi

Lachiwiri ndi macroeconomics, lonena za chuma cha dziko lonse: kukwera mitengo kwa zinthu, kusowa kwa ntchito, ngongole za boma, ndalama zakunja, mphamvu ya kwacha. Ndilo phunziro limene limamveka kwambiri pawailesi.

Mu Novembala 2023 banki yaikulu, Reserve Bank of Malawi, inasintha mtengo wa dola imodzi ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dziko lonse linati kwacha yagwa ndi 44 pa 100. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700 ndi kukwera kwa 520, ndipo 520 ndi 44 pa 100 ya 1,180. Choncho dola ndiyo inakwera mtengo ndi 44 pa 100. Koma kwa munthu amene anali ndi K1,180, ndalama imene dzulo lake inkagula dola yathunthu inayamba kugula masenti 69 okha. Mphamvu ya kwacha yake inatsika ndi 31 pa 100. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana, ndipo wazachuma wabwino amayamba wafunsa kuti mukuyeza kuchokera mbali iti.

Ichi n'chiyambi chabe. Mafunso olemera ali kutsogolo. Kwacha ikagwa chonchi, mtengo wa mafuta, feteleza ndi sopo ukwera ndi gawo lanji, ndipo mwachangu bwanji? Banki yaikulu ikakweza chiwongoladzanja pofuna kuziziritsa mitengo, zithandiza motani m'dziko limene pafupifupi theka la mulingo woyezera mitengo ndi chakudya, ndipo mtengo wa chakudyacho umadalira mvula? Bwanji ndalama zakunja zimaoneka msika wa fodya ukatsegulidwa, n'kuyamba kusowa kumapeto kwa chaka pamene dziko likuitanitsa feteleza? Mabuku ambiri a phunziroli analembedwa poganizira America ndi Ulaya, kuyambira pa buku la John Maynard Keynes la mu 1936, lolembedwa mafakitale atatsekedwa ndipo anthu mamiliyoni ali pa ulova. Wophunzira wa ku Malawi amakhala ndi ntchito iwiri: kumvetsa zimene bukulo likunena, ndi kuzindikira pamene silikukwana pa chuma cha alimi a makasu.

Phunziro limene limalekanitsa masitazi ndi digiri yoyamba

Lachitatu ndi econometrics, luso loyeza nkhani zachuma pogwiritsa ntchito ziwerengero zenizeni. Ragnar Frisch wa ku Norway ndi Jan Tinbergen wa ku Netherlands, amene anali m'gulu la olikhazikitsa, ndiwo analandira mphoto yoyamba ya Nobel ya zachuma mu 1969. Kwa ine, munthu akachoka pa masitazi asanaligwire phunziroli, wangotenga pepala.

Vuto lake lalikulu ndi losavuta kulinena. Tiyerekeze kuti mwayenda m'midzi n'kupeza kuti mabanja amene analandira makuponi a feteleza wotsika mtengo anakolola matumba ambiri kuposa amene sanalandire. Kodi mwatsimikiza kuti makuponi ndiwo achulukitsa zokolola? Ayi. Mwina ogawa anasankha mabanja a minda ikuluikulu, kapena odziwika ndi amfumu, kapena akhama kale, amene akanakolola zambiri ngakhale popanda kuponi. Mwinanso ena mwa olandirawo akanagula okha feteleza kusitolo, ndiye kuponi yangowasungira ndalama osawonjezera thumba ngakhale limodzi m'munda. Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Chimene tikufuna kudziwa ndi zimene banja lomwelo likanakolola likanapanda kulandira, ndipo zimenezo palibe amene angazione ndi maso.

Econometrics ndi njira zozungulira khoma limeneli. Njira ina ndi kutsatira mabanja omwewo kwa zaka zingapo, kuti banja lililonse liyerekezedwe ndi lokha lisanalandire. Jacob Ricker-Gilbert, Thomas Jayne ndi malemu Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College anachita zotere, ndipo m'kafukufuku amene anatuluka mu 2011 anapeza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse a feteleza wa makuponi, pafupifupi 22 ankangolowa m'malo mwa feteleza amene alimi akanagula okha. Onani kusiyana kwake. Wina pawailesi akuti sabuside ndi yabwino, wina akuti ndi kuwononga ndalama. Awa akuti 22 pa 100, ndipo akusonyeza m'mene awerengera, kuti wotsutsa atsutse masamuwo.

Njira ina ndi maere. Mu 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba munachitika kafukufuku amene lero amaphunzitsidwa m'mayunivesite a mayiko ambiri. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anatenga madera ang'onoang'ono 176, n'kuwagawa mwamaere. M'madera ena atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu mokwanira. M'madera ena ankalandira popanda lamulo lililonse. M'madera otsalawo sankalandira kanthu. Popeza anasankha ndi maere, osati amfumu kapena aphunzitsi, maguluwo anali ofanana poyamba, ndiye kusiyana kulikonse pamapeto kunali kochokera ku ndalamazo.

Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Ndalama ya lamulo inathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu, monga mmene aliyense ankayembekezera. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati a ana, inapambana ndi ndalama yopanda lamulo. Chifukwa chake chinali mwa atsikana amene anasiyabe sukulu. Wa m'gulu la lamulo akangosiya, ndalama inkaduka, ndipo ukwati unkakhala pafupi. Wa m'gulu linalo ankalandirabe, n'kutha kudikira. Nduna imene ikukonza pologalamu yonga Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, iyenera kusankha chimene ikufuna kwambiri pa ziwirizi, ndipo popanda kafukufuku wotere sikanadziwa n'komwe kuti pali chosankha.

Wophunzira masitazi sachita kafukufuku wamkulu chonchi, koma amaphunzira kuwerenga malipoti ake ndi diso lokayika, kutenga ziwerengero zomwezo n'kuyesa kupeza yankho lomwelo pa kompyuta, ndi kuloza pamene wolemba wanena zoposa umboni wake. Mapulogalamu a pakompyuta monga Stata, R ndi EViews amasanduka makasu ake a tsiku ndi tsiku.

Khoma la masamu

Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Munthu amene anakonda zachuma chifukwa cha mikangano ya pawailesi amalowa m'kalasi n'kupeza bolodi lodzaza ndi zilembo za Chigiriki, ndipo mphunzitsi angathe ola lonse osatchula kwacha kapena chimanga.

Chifukwa chake n'chakuti azachuma amaganiza pogwiritsa ntchito chimene amachitcha model, kachifaniziro kophweka ka chuma kolembedwa m'masamu. Kali ngati galimoto ya mawaya imene ana amapanga: ilibe injini, ilibe mipando, koma mukapotoza chiwongolero mateyala amakhota monga pa galimoto yeniyeni, ndipo mwana amaphunzirapo kanthu koona. Model imataya zambiri dala kuti zochepa zotsalazo zioneke bwino. Masamu amakakamiza wolemba kutchula poyera zonse zimene wangoziganizira, kuti asabise m'mawu okoma.

Masamu ofunika ndi a mitundu itatu. Calculus ndi masamu oyeza m'mene chinthu chimasinthira chinzake chikasuntha pang'ono, monga matumba owonjezera amene kilogalamu imodzi yowonjezera ya feteleza ingabale. Linear algebra ndi njira yosamalira mawerengero ambiri nthawi imodzi. Statistics ndi masamu a mwayi ndi a kudziwa zambiri za gulu lonse poyang'ana ochepa. Mayunivesite ambiri amayamba ndi milungu ingapo ya masamu okhaokha maphunziro enieni asanayambe, ndipo ena akunja, makamaka a ku America, amafuna mayeso a GRE amene ali ndi gawo la masamu. Amene digiri yake yoyamba ndi ya masamu, ya statistics kapena ya uinjiniya nthawi zambiri savutika kulowa, mwinanso amapeza chaka choyamba chopepuka kuposa mnzake amene anaphunzira zachuma zolongosola ndi mawu. Ngati papita zaka chitsekereni buku la masamu, litseguleni miyezi ingapo musanapite. Kudikira kuti mukaonere komweko n'kudzipha.

Chaka cha kafukufuku

Akadutsa maphunziro atatu aja, wophunzira amasankha nthambi yake: zachuma za ulimi, za umoyo, za misonkho ndi bajeti ya boma, za mabanki, za ntchito ndi malipiro, za chilengedwe, za malonda a pakati pa mayiko. Kenako amalemba kafukufuku wakewake, thesis, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri, n'kukauteteza pamaso pa akadaulo.

Ziwerengero zilipo zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. National Statistical Office ku Zomba imachita kalembera wa anthu, ndipo wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Imachitanso kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey, amene anayamba mu 1997/98 ndipo wakhala akubwerezedwa, monga mu 2004/05, 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20. Mmenemo muli zimene mabanja masauzande amadya, amalima, amagula ndi amadwala. Banki yaikulu nayo imasindikiza ziwerengero za ndalama, chiwongoladzanja ndi malonda akunja.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene amalephera kumaliza masitazi sagwa pa mayeso. Amatitimira pa kafukufuku. Kalasi ili ndi belu ndi tsiku la mayeso, kafukufuku alibe. Munthu amabwerera kuntchito ali ndi mutu waukulu ngati "umphawi m'Malawi", woyang'anira ali wotanganidwa, maliro ndi maukwati sizitha, ndipo zaka ziwiri zimasanduka zisanu. Mutu wabwino ndi waung'ono, wa funso limodzi, umene ziwerengero zake mwaziona kale ndi maso musanaulembetse.

Kokaphunzira

Kuno kwathu, nthambi ya zachuma ya University of Malawi ku Zomba, kumene kale kunkatchedwa Chancellor College, ndiyo yakhala ikuphunzitsa masitazi imeneyi kwa zaka zambiri. Wokonda zachuma za ulimi amayang'ana ku Bunda, pansi pa LUANAR. Masukulu onse awiriwa akhala akugwirizana ndi bungwe la African Economic Research Consortium, limene linakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Nairobi. Bungweli linaona kuti yunivesite imodzi ya mu Africa singakhale ndi akadaulo a nthambi zonse, ndiye linakonza zoti ophunzira azichita maphunziro oyambira kwawo, kenako azikumana ndi anzawo a mayiko ena kwa miyezi ingapo pa maphunziro osankha. Kwa zaka zambiri a zachuma ankakumana ku Nairobi, a zaulimi ku University of Pretoria ku South Africa. Phindu lina la dongosololi silinalembedwe pa satifiketi: amene munagona naye hositelo imodzi mawa ali ku banki yaikulu ya Uganda kapena ku unduna wa zachuma ku Ghana.

Masiku ano masukulu ena, a boma ndi oima paokha, amalengeza masitazi za Loweruka ndi Lamlungu kapena za pa intaneti. Musanalipire tambala, funsani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi pologalamuyo n'zovomerezeka. Funsaninso maola amene amapereka ku econometrics ndi mayina a aphunzitsi ake. Yankho likakhala lozembazemba, mwadziwa kale.

Kunja, fizi ndi yoti banja wamba silingaikwanitse, makamaka kwacha ikamagwa pakati pa maphunziro. Ambiri amapita ndi thandizo la maphunziro. Chevening ndi ya boma la Britain, ya masitazi ya chaka chimodzi, ndipo imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri komanso mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Palinso Commonwealth Scholarship, Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany, ndi ya boma la Japan mogwirizana ndi World Bank. Beit Trust, yochokera ku chuma chimene Alfred Beit anasiya atamwalira mu 1906, imathandiza anthu a mayiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Kodi kunja n'kwabwino kuposa kwathu? Laibulale, makompyuta ndi dzina la sukulu zimalemera, palibe chobisa. Koma wophunzira ku Zomba ali pafupi ndi ofesi ya ziwerengero ndi midzi imene akuilemba, ndipo nthawi zina satha ntchito. Amene akulinga ku PhD ndiye ayenera kusamala kwambiri za kuya kwa masamu a pologalamu imene wasankha.

Mtengo wake weniweni

Wofuna kuphunzira zachuma ayambe wayeza chosankha chake ndi muyeso wa phunzirolo. Azachuma amati mtengo wa chinthu si ndalama imene mwatulutsa yokha, koma ndi zonse zimene mwataya posankha chimenecho. Tiyerekeze kuti mumalandira K600,000 pamwezi, n'kusiya ntchito zaka ziwiri. Musanawerengere fizi, nyumba ndi mabuku, mwataya kale K14.4 miliyoni, komanso kukwezedwa pantchito kumene kukanabwera m'zaka zimenezo. Funso n'lakuti malipiro a m'tsogolo adzakwera mokwanira kubweza zonsezi m'zaka zingati. Wazaka 26 ali ndi nthawi yaitali yokolola kuposa wazaka 48.

Pali funso linanso losautsa. Michael Spence analemba mu 1973 kuti nthawi zina digiri imagwira ntchito ngati chizindikiro chabe, chouza wolemba ntchito kuti munthuyu ndi wakhama, ngakhale zimene anaphunzirazo sadzazigwiritsa ntchito. Ngati ndi choncho, aliyense akakhala ndi masitazi chizindikirocho chimafooka, ndipo ntchito imene dzulo inkafuna digiri yoyamba lero ifuna yachiwiri popanda malipiro kusintha. Zimenezi tikuziona kale m'zotsatsa ntchito za m'nyuzipepala. Chimene sichifooka ndi luso: munthu amene angapatsidwe ziwerengero zosokonekera Lolemba n'kubweretsa yankho lodalirika Lachisanu sachuluka pamsika.

Ntchito zake, ndi malire ake

Omaliza masitazi imeneyi amapezeka ku banki yaikulu, ku unduna wa zachuma, ku National Planning Commission imene inakonza masomphenya a Malawi 2063, ku Malawi Revenue Authority, ku mabungwe oona za mpikisano pamalonda ndi za mitengo ya magetsi ndi mafuta, m'mabanki, m'mayunivesite, ndi m'mabungwe akunja. Ntchito yeniyeni si ya pa kanema. Ndi kuyeretsa ziwerengero, kulosera msonkho wa chaka chamawa, ndi kulemba masamba awiri oti bwana awerenge m'galimoto popita kumsonkhano. Kulemba momveka n'kofunika ngati masamu, ngakhale masukulu ambiri sakuphunzitsa.

Musayembekezere kuti digiriyi idzakupatsani yankho limodzi loti onse avomereze. Malemu Bingu wa Mutharika, mtsogoleri wakale wa dziko lino, anali ndi masitazi ya zachuma ya ku Delhi m'dziko la India. Nduna yake ya zachuma, malemu Goodall Gondwe, inali itatsogolerapo nthambi ya Africa ku IMF. Anthu awiriwa ndiwo anakhazikitsa pologalamu yaikulu ya feteleza wotsika mtengo mu 2005, pamene azachuma ambiri a mabungwe othandiza Malawi ankaikayikira. Zokolola zinakwera, koma pofika 2008/09 pologalamuyo inkadya pafupifupi 16 pa 100 ya bajeti ya dziko. Mbali zonse ziwiri zinali ndi madigiri. Malemu Thandika Mkandawire, amene anachita masitazi yake ku Ohio State University n'kudzatsogolera bungwe la kafukufuku la CODESRIA ku Dakar, anatha zaka zambiri akutsutsa ndondomeko zosintha chuma zimene World Bank ndi IMF zinabweretsa mu Africa, Malawi atayamba kuzitsata mu 1981. Ziwerengero zingakuuzeni kuti feteleza wa makuponi amabala matumba angati ndipo amadya ndalama zingati. Sizingakuuzeni ngati ndalamazo zili bwino kupita ku chimanga cha chaka chino kapena ku misewu ndi ulimi wothirira wa zaka khumi zikubwerazi. Pamenepo pamalowa ndale ndi chikumbumtima.

Kukonzekera kupempha malo

Thandizo la maphunziro lambiri limatseka kulandira makalata pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe, ndiye wofuna kupita Sepitembala wa chaka chamawa ayambe kuthamanga pano. Pafunika chikalata cha magiredi onse a digiri yoyamba, chimene kuchitenga ku ofesi ya sukulu kumatha milungu. Pafunika makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi amene akukukumbukirani, ndipo mphunzitsi wa masamu kapena econometrics amamveka kwambiri kuposa bwana wa dzina lalikulu amene sanaonepo ntchito yanu. Masukulu ena akunja amafunanso mayeso a Chingerezi monga IELTS.

Chotsala ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa. Pafupifupi aliyense amalemba kuti akufuna kutukula dziko lake ndi kuthetsa umphawi, ndipo osankha amawerenga mawu amenewo kambirimbiri. Lembani funso lanu. Mwachitsanzo, ngati mumagwira ntchito za umoyo, nenani kuti mukufuna kuyeza kuchuluka kwa amayi oyembekezera amene amayamba kuchirira kuchipatala cha mishoni boma likagwirizana ndi chipatalacho kuti asamalipire. Tchulani ziwerengero zimene mwaona kuti zingathandize, fotokozani chifukwa chake kungoyerekeza zipatala ziwiri sikungakwane, ndipo tchulani phunziro la m'pologalamu yawoyo limene mukulisowa kuti mufike pa yankho.